Nsapato za Parda

Zaka makumi atatu ndakhala chowerama
pansi pa mimba za nyulu za boma,
misomali pakamwa, chiboda pabondo.
Kuno ku Uspallata mphepo siodira,
imangolowa m'yunifolomu ngati mwini ngongole.

Lolemba lina kunabwera a ku Buenos Aires,
nsapato zawo zosadziwa ndowe.
Kaputeni Leguizamón, ndevu zisanakhwime,
anawerenga mphamvu za dziko pa kagalasi ka m'manja:
akasinja angati,
sitima zankhondo zingati padoko,
ndege zingati zomwe zikuulukabe.
Apamtunda, apamadzi, amumlengalenga,
aliyense mzere wake ndi mtengo wake.
Ine ndinadzipeza kumunsi kwenikweni,
mzere umodzi ndi udzu wouma ndi mchere.

"Sajeni Barrionuevo, nkhondo ya lero ilibe ziboda."
Ndinangogwedeza mutu. Pakamwa panali misomali.

Mabokosi anafika pa lole.
M'katimo tindege topanda munthu,
timapiko tinayi, diso limodzi kumimba.
Wodzatiulutsa anatsika pomaliza,
ndipo anali Itatí, mwana wanga wobala ndekha,
yemwe ndinkamukweza pa Parda ali ndi mano awiri.
Anandichitira sawatcha.
Ndinasowa poika nyundo.

Usiku tinapatsirana chikho cha tiyi wowawa,
kapaipi kamodzi, mitima iwiri.
Iye akuti, Atate, ichi chimaona kutentha kwa thupi mumdima.
Ine ndikuti, Parda amanunkhiza phompho lisanaoneke.
Iye akuti, Parda amadya bajeti.
Ndinaseka naye,
koma munga unatsalira m'phazi.

Julaye anakwirira njira zonse ndi chipale.
Ceferino, mnyamata wa ku Jujuy,
sanabwereko kolondera malire.
M'masiku anga tikanafufuza mpaka mapiri atasungunuka,
kenaka n'kukapatsa mayi ake mbendera yopindapinda.
Itatí anagwada m'chipalemo, zala zikunjenjemera,
kandege kaja n'kunyamuka kakulira ngati udzudzu.
Ola lisanathe
pagalasi panayaka kadontho kofiira
kuseri kwa thanthwe lomwe ndinalidutsa kawiri m'mawa womwewo.
Mawu anga onse ndinawameza osatafuna.

Koma helikoputa inakana mphepo.
Mabatire anayamba kufa ndi chisanu, limodzilimodzi.
Ndiye anakwera ndi Parda,
mabulangete mbali iyi, mabatire atsopano mbali iyo,
ine kutsogolo, mwana wanga m'khutu mwanga pa wailesi:
kumanzere, Atate, kumanzerebe.
Pena Parda ankakana kumanzereko,
ndipo tonse awiri tinkamumvera.
Potsika Ceferino anali womangidwa pamsana,
zala ziwiri zitada bii,
akutukwana boma, phiri ndi ine ndemwe.
Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati matukwano amenewo.

Lipoti linati ntchito yatheka ndi zida zamakono.
Si bodza ayi.

Nyulu makumi anayi zigulitsidwa mwezi wamawa,
zitsala khumi ndi ziwiri.
Parda wakalamba, dzina lake mulibe mwa zotsalazo.
Ndalama yake akuti ikwanira timapiko tingapo,
ndipo ndani angatsutse,
poti mayi a Ceferino anabwera ndi basi usiku wonse
kudzapsompsona bokosi la pulasitiki?
Anapsompsonanso Parda pamphumi.
Kaputeni anali atayang'ana kumbali.

Lero ndikumuveka nsapato komaliza.
Womugula ndi mlimi wa mphesa kuchigwa,
komwe dothi n'lofewa, chitsulo n'chosafunika,
koma msilikali sachoka pakampu opanda nsapato.
Kandege kali pakona, kakuyamwa magetsi,
diso lake lili kudenga.
Itatí wavula chipewa, wakhala pa ndowa yovundikira.
Sakuyankhula.
Akungondipatsira misomali umodziumodzi,
mutu wa msomali kutsogolo,
monga ndinamuphunzitsira asanadziwe kuwerenga.